MLEVI WOPUMA PA NCHITO

Kuwerenga: Numeri 8:23-26, Tito 2:1-5

Mudzi wa Kafue unakula ndi nchito. Ulalo wa njanji unamangidwa pa mtsinje m'caka ca 1906, ndipo m'caka ca 1970 fakitale ya feteleza, Nitrogen Chemicals of Zambia, inayamba kugwira nchito. Panalinso fakitale ya nsalu. Anyamata anacokera ku Cipata, ku Katete ndi ku Petauke kudzafuna nchito kuno, ndipo ambiri a iwo lero ali ndi imvi. Lamulo la 2015 linaika zaka 60 kukhala msinkhu wopumira pa nchito, ngakhale munthu akhoza kupuma pa zaka 55 kapena kufikira 65. Tsono funso la ambiri ndi ili: ndikapuma, ndidzacita ciani ndi masiku anga?

Funsoli nlolemera, pakuti munthu amene anazolowera kulawira m'mamawa, akakhala cabe, mtima wace ufooka. Ena apita kumowa dzuwa lisanakwere, penshoni nithera komweko. Ena angokhala pakhonde, nadziyesa zotayidwa.

Koma onani cimene Mulungu analamulira Alevi. Iwo ankayamba nchito ya m'cihema ali ndi zaka 25, naileka pa zaka 50. Kupuma, tsono, si manyazi. Ndi Mulungu amene anakuika. Komatu Mlevi wopumayo sanacotsedwe pakati pa abale ace. Anatula nchito yolemetsa, natsala kuthandiza anzace ndi kuyang'anira za m'cihema. Pamenepa tiphunzira zinthu zitatu.

Coyamba, manja akali ndi nchito. Mtsinje uli pafupi, ndipo dimba la ndiwo lidyetsa banja ndi kulimbitsa thupi. Inu amene munadziwa kupala matabwa, kusoka, kapena kukonza makina, kumbukani kuti pa sukulu ya mishoni ya Kafue, Mbusa John Fell ankaphunzitsa anyamata ulimi ndi nchito za manja pamodzi ndi Mau a Mulungu. Tengani mnyamata mmodzi wosowa nchito, mumphunzitse luso lanu lisanalowe nanu m'manda.

Caciwiri, pakamwa pakali ndi nchito. Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Maukwati a ana athu alikupsa, ndipo asowa wozimitsa. Paulo anauza Tito kuti amai okalamba alangize akazi acitsikana za kusunga banja, ndi kuti abambo okalamba akhale odziletsa, kuti mau ao amveke. Mkulu woledzera sangathe kuweruza mlandu wa mwana woledzera.

Cacitatu, maondo akali ndi nchito. Anna, mneneri wamkazi wa pa Luka 2, anali nkhalamba yamasiye, koma sanacoke ku Kacisi, napemphera usiku ndi usana, kufikira anaona Mpulumutsi. Amene miyendo yace yalema akhoza kupempherera odwala mmodzi mmodzi, kuwachula maina. Amene akali ndi mphamvu awayendere ku cipatala ndi m'makomo mwao.

Pali cenjezo kwa ife tonse. Inu akulu, Mlevi anatuladi katundu wace. Musakakamire maudindo a mumpingo kufikira anyamata atatopa ndi kudikira. Inunso anyamata, musawaiwale amene anakulerani. Muziwafunsa nzeru, ndipo amene ndalama zao zacedwa kufika muwathandize ndi ufa, pakuti njala siyembekeza makalata a ku ofesi.

M'caka cimene tikulowaci, yense wopuma pa nchito asankhe cinthu cimodzi mwa zitatuzi, aciuze mbusa kapena mkulu wa mpingo wa kwao, nacicite sabata ndi sabata.

Tipemphere. Atate wathu, Inu amene munatisunga pa masiku a thukuta, mutisungenso pa masiku a imvi, ndipo mutipatse nchito yoyenera mphamvu zimene zatsala, mwa Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.