Khutu lilibe chikope

Nyumba yanga ku Petauke inayandikana ndi chigayo. Chiyambire kupuma pa ntchito ya uphunzitsi ndimaswera pakhonde, ndipo alendo akabwera amandifunsa kuti ndimapirira bwanji phokosolo. Kale ndinkawafunsanso kuti, phokoso liti? Ndinali nditazolowera. Koma mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, ndinazindikira kuti khutu langa silinasiyepo kuchimva chigayocho. Chikangoti zii mwadzidzidzi, mapewa ankatsika okha, monga amachitira munthu akatula mtolo umene anaiwala kuti wasenza. Ndipamene ndinkamva njiwa mumtengo wa mango, ndi mawu a mayi wina akukalipira mbuzi kutsidya la msewu.

Kukwera ndege kuli ngati kukhala m'kati mwa chigayo. Ndinazidziwa izi pa ulendo wanga woyamba wokaona mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino ku London. Kuchoka ku Lusaka kukafika ku Addis Ababa ndi maola ngati anayi, ndipo kuchoka kumeneko kukafika ku London ndi ena pafupifupi asanu ndi atatu. Ndinatsika mutu ukulira ngati muli njuchi, ndipo unaliradi masiku awiri. Ndiye pokonzekera ulendo wachiwiri mwanayo anaimba foni nati, "Atata, ndatumiza ndalama. Mugule mahedifoni ochotsa phokoso, musadzafikenso muli wofooka ngati paja." Nditamva mtengo wake ndinawerengera m'matumba a fetereza, monga timachitira tonse kuno, ndipo anakwana matumba angapo. Ndinafuna kukana. Amayi a kunyumba anati ndalamazo si zanga, ndileke makani.

Kusankha kwake sikunali kophweka. Ndinayenda m'mashopu a mu Lusaka ndi mwana wa mlongo wanga, iye ndiye ankalankhula ndi ogulitsa. Alipo ang'onoang'ono olowetsa m'khutu, opepuka, okwana m'thumba la malaya. Amenewo ndinawakana chifukwa amandinyerenyetsa, komanso ndinadziona ndekha ndikukwawa pansi pa mpando wa ndege kufunafuna kamodzi katagwa. Alipo ophimba khutu lonse, ndipo pa amenewa muyenera kuyang'ana kulemera kwake, kufewa kwa zotsamira zake, ndi mmene amapanira mutu. Ine ndimavala magalasi, ndiye opana kwambiri amakanikizira miyendo ya magalasi m'mafupa, ndipo pakatha ola limodzi mumalakalaka phokoso lomwe lija. Batire liyenera kukwanira ulendo wonse pamodzi ndi maola odikira ndege ina; abwino amatha maola 30 kapena kuyandikira pamenepo. Pakhalenso kachingwe kolumikizira ku kawailesi kakanema ka pampando. Mnyamata wina wogulitsa anandigwiritsa otchipa, bokosi lake lolembedwa zokoma zonse, nati, "Amdala, awa ndi eni ake, musataye ndalama kwina." Mphwangayo anangowayatsa popanda nyimbo, n'kundiimika pafupi ndi jenereta imene inkalira pakhomo pa shopu. Ndinayatsa, ndinazimitsa, sipanasinthe kanthu. Umu ndi mmene mungawayesere: opanda nyimbo, pafupi ndi chinthu chong'ung'udza. Amene tinagula kwina nditafika nawo kunyumba ndinakawayesa pa chigayo penipeni. Nditadina kabatani, chigayo chinachita ngati chasamukira kutali ku Minga, pamene ndinali kuchiona ndi maso chikulavula ufa.

Mphunzitsi sasiya kufufuza ngakhale atapuma, ndiye ndinafuna kudziwa chimene chikuchitika. Phokoso ndi mafunde a mpweya, amene amakankha ndi kukoka kachikopa ka m'khutu. Kunja kwa mahedifoni kuli kamaikolofoni kamene kamamvetsera phokosolo, ndipo makina a m'kati amapanga mafunde ena ofanana nawo koma otembenuza: pamene a injini akukankha, awa akukoka. Akakumana amafafanizana. Nzeruyi ndi yakale. Mjeremani wina, Paul Lueg, analandira chikalata cha umwini wake ku America mu 1936, koma zipangizo za nthawiyo sizikanatha kuchita zimene iye anaganiza. Mu 1978 Amar Bose, mphunzitsi wa pa MIT, ali m'ndege kuchokera ku Ulaya, anakhumudwa kuti nyimbo za m'mahedifoni zinkamira m'phokoso la injini, ndipo anayamba masamu ake pampando pomwepo. Mu 1986 Dick Rutan ndi Jeana Yeager, amene anazungulira dziko lonse masiku asanu ndi anayi osatera pa ndege yotchedwa Voyager, anavala mahedifoni oyeserera a kampani ya Bose kuti makutu asawonongeke. Anthu wamba anayamba kugula a mtundu wa QuietComfort mu 2000. Ndipo si zachibwana ayi: phokoso la m'ndege limafika madesibelo 80 kapena kupitirira pang'ono, ndipo a World Health Organization amati pa mlingo wa 80 khutu lisapitirire maola 40 pa sabata.

Chinandigwira mtima n'chakuti chete amene ndinagulayo ndi wopangidwa ndi maphokoso awiri. Palibe chimene chachotsedwa, chawonjezedwa. Zili ngati amuna awiri amphamvu zofanana akukokana chingwe. Woonera patali amati chingwe changokhala, koma onse awiri thukuta lili kamukamu, ndipo umboni wake ndi batire limene limatha ngakhale simunamvetsere nyimbo iliyonse. Monga mkulu wa mpingo ndalowapo m'nyumba zambiri za bata la mtundu umenewu, m'mene bambo ndi mayi sakanganako n'komwe, ndipo aneba amawatamanda.

Koma makinawa ali ndi malire. Amatha bwino phokoso lotsika, losasinthasintha, limene mphindi ino ndi mphindi ikudzayo n'chimodzimodzi: injini, jenereta, chigayo. Mawu a munthu amakwera n'kutsika mosayembekezeka, ndipo kulira kwa khanda n'kokwera kwambiri, choncho zimenezi zimangochepako pang'ono koma zimadutsa. Ogula ambiri amadandaula pamenepa. Inenso ndinadandaula, ndege itangonyamuka pa Kenneth Kaunda International Airport, pamene injini zinazimirira koma khanda la mizere iwiri kumbuyo linamveka bwino kuposa kale. Ndinayamba kuganiza kuti andibera. Kenaka ndinachita manyazi, chifukwa ndinaona chimene ndinkafunadi kugula. Injini inali chonamizira chabe.

Diso lili ndi chikope, pakamwa pali milomo, ngakhale mphuno mutha kuitsina n'kupumira kukamwa. Khutu Mlengi analisiya pululu, usana ndi usiku, ndipo ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake. A sayansi adzati n'chifukwa cha fisi ndi njoka, kuti wogona adzuke. Sindikutsutsa. Koma chinenero chathu chimaloza kwinanso. Timamva mawu, timamva njala, timamva fungo, timamva chisoni. Tikafunsa mwana kuti "wamva?" sitifunsa za makutu ake, ndipo mwana wosamva si gonthi. Liwu limodzi lomweli lanyamula kulandira phokoso, kuzindikira tanthauzo, kukhudzidwa mumtima ndi kumvera. Kwa ife, chimene chalowa m'khutu chimakupatsa ngongole. Ndili mwana kumudzi, cha kwa a Kalindawalo, kulira kwa maliro kukamveka m'mawa aliyense ankasiya khasu pamzere pomwepo. Panalibe kalata, panalibe foni. Munthu sakanatha kunena kuti sanaitanidwe, pakuti anamva, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti wamva. Akuluakulu ankatinso wakutsina khutu ndi mnansi. Nanga khutu likavala chophimba, mnansiyo atsina pati?

Pano ndisadzinamize, ngati kuti phokoso lonse ndi lopatulika. Ndayenda pa Great East Road kosawerengeka, makilomita 400 a pakati pa Petauke ndi Lusaka, ndipo ndikudziwa basi imene nyimbo zimalira kuyambira pa siteshoni ya Intercity ku Lusaka mpaka pa mlatho wa Luangwa, mlaliki ataimirira pakati pa mipando kufuula mopikisana ndi sipika. Mulungu ameneyo amamulalikira ngati ali kutali kwambiri. M'matchalitchi mwathunso masiku ano tagula zokuzira mawu zazikulu kuposa guwa, ndipo agogo amatuluka makutu akuwawa. Munthu wotopa ali ndi ufulu wopuma. Yesu yemwe ankalawira mbandakucha kupita kwa yekha kukapemphera, ophunzira n'kumamufunafuna. Sindiona tchimo kufuna chete. Funso langa ndi lakuti chete ameneyo ndikumufunira chiyani, ndipo ndani akulipira. Pa Nyimba basi ikaima, amayi ogulitsa nthochi amathamangira m'mazenera akuitanira malonda. Kwa wapaulendo amene ali ndi mutu, limenelo ndi phokoso. Kwa mayiyo ndi ndalama ya sukulu ya mwana. Amene amatchula chinthu kuti phokoso nthawi zambiri ndi amene wakhala pampando.

M'buku la Marko muli nkhani ziwiri zimene ndinayamba kuziwerenga mwatsopano. Pa Yeriko, wakhungu uja Bartimeyu atafuula, khamu linamukalipira kuti atonthole. Kwa iwo anali wosokoneza ulendo wa Mphunzitsi. Yesu anaima. Ina ndi ya m'ngalawa pa nyanja ya Galileya. Namondwe akuwomba, mafunde akudzaza ngalawa, iye ali m'tulo pamtsamiro. Mkokomo wonsewo sunamudzutse. Anadzuka pamene anthu amantha anamuitana. Nditakumbukira zimenezi m'ndege muja ndinaseka ndekha, chifukwa mahedifoni anga, m'kulephera kwawo kumene ndinkadandaula nako, ankachita chimodzimodzi: kugonetsa namondwe n'kulola mawu a munthu. Akatswiri akugwira ntchito usana ndi usiku kuti akonze chilema chimenechi, ndipo mwina adzatha.

Nkhani ya Eliya pa phiri la Horebu timaikonda ife alaliki tikafuna kutamanda chete. Inadza mphepo yong'amba miyala, chinadza chivomezi, unadza moto, ndipo Mulungu sanali m'zimenezo. Pambuyo pake panadza kamawu kakang'ono ka bata. Timakonda kuimira pomwepo. Koma mukawerenga mopitirira m'chaputala 19 cha 1 Mafumu, mupeza kuti m'batamo Eliya anafunsidwa chimene ankachita kumeneko, anauzidwa kuti sali yekha monga ankadandaulira, ndipo anabwezedwa kwa anthu omwe anawathawa, ndi ntchito m'manja. Bata limenelo linali ndi wina wolankhulamo. Wopeka nyimbo wa ku America, John Cage, analowa mu 1951 m'chipinda cha pa Harvard chomangidwa kuti chimeze phokoso lonse, ndipo anatuluka akunena kuti anamvabe mawu awiri, ena okwera ena otsika. Anamuuza kuti ndi thupi lake lomwe. Ine m'mahedifoni mwanga, nyimbo nditazimitsa, ndinamva mtima ukugunda ndi malovu akutsika kukhosi. Ndinadzimva ndekha kwambiri. Ngati munali wina wolankhula, sindinamumve.

Pafupi nane pa ulendo wa ku Addis Ababa uja panakhala mayi wachikulire, wovala chitenje ndi juzi yaubweya, chikwama atachikumbatira pamiyendo. Tinangogwedezerana mitu pokhala, ine n'kuvala zanga zija ndege isananyamuke n'komwe. Ndinatseka maso. Ndinasinkhasinkha za Eliya, za Bartimeyu, ndinayamba ngakhale kukonza ulaliki wa Sabata lina, ndipo ndinkaona kuti ukukoma. Chakudya chinabwera, tinadya, ndinatsekanso maso. Patatsala mwina theka la ola kuti titere, makutu anayamba kuwawa monga amachitira ndege ikamatsika, pakuti pa zimenezo mahedifoni sathandiza. Muyenera kumeza malovu kapena kuyasamula. Ndinawavula kuti ndiyasamule bwino. Pomwepo mayi uja anandikhudza pamkono, n'kulankhula Chinyanja cha ku Katete chenicheni.

"Pepani bambo, kodi mumamva chinenero chathu?"

"Ndimamva, amayi. Ndine wa ku Petauke."

Anapumira m'mwamba. Unali ulendo wawo woyamba. Ankapita kwa mwana wawo ku Ulaya, Chingerezi sankachidziwa, ndipo zonse zimene zinkalengezedwa zinkangowadutsa. Anali ndi mankhwala a BP oyenera kumwa nthawi imene inali itapita kale, koma madzi amene anapatsidwa ndi chakudya anawamaliza asanakumbukire, ndipo sankadziwa kuti pamwamba pa mutu pali kabatani koitanira. Kuchimbudzi ankafuna kupita kuyambira kalekale, koma njira inali kudutsa pa ine, ndipo tsopano nyali ya malamba inali itayaka. Anatulutsa kapepala kamene mwana wawo anawalembera za ndege yachiwiri, kopindika mpaka kufewa, nandifunsa ngati ndingawaperekeze pa chipata chake.

Mawu awo akanadutsa m'mahedifoni muja popanda vuto, monga linadutsira khanda. Sanawatulutse n'komwe. Ndinadina kabatani, madzi anabwera, anamwa mankhwala. Titatera ndinawadikira pakhomo la chimbudzi nditanyamula chikwama chawo, kenaka tinayenda limodzi mpaka pa chipata chimene chinalembedwa pa kapepala. Tili m'njira ndinawafunsa kuti bwanji sanandigwedeze kale, maola onse aja.

"Iyayi bambo," anatero. "Ndinaona mwatseka maso, makutu mwaphimba. Ndimati mukupemphera."