Kodi Mtsinje Ungalakwiridwe?

Mgodi ukathira poizoni mumtsinje, malamulo a mayiko ambiri amawerenga anthu okha ngati olakwiridwa: msodzi, mlimi wa kudimba, mayi wotunga madzi. Mtsinjewo sauika m'gulumo. Omenyera nkhondo mitsinje akhala akufunsa ngati kuwerenga kotereku n'kokwanira.

Mu February 2025 damu losungiramo zinyalala za mgodi wa kopa wa Sino-Metals ku Chambishi, m'dziko la Zambia, linagumuka. Madzi a asidi, pafupifupi malita 50 miliyoni, anakhuthukira mumtsinje wa Mwambashi n'kutsikira mu Kafue. Nsomba zinayandama chagada, mbewu za m'mbali mwa mtsinje zinapserera, ndipo mumzinda wa Kitwe madzi anasiya kutuluka m'mipopi. Mlimi angathe kulandira chipukutamisozi. Nkhanu ndi achule alibe wokawalandirira, ndipo funso lagona pamenepo.

Akhristu amayambira m'buku la Genesis. Chaputala 1 chimapatsa munthu ulamuliro pa zolengedwa, koma chaputala 2 chimamuika m'munda kuti aulime ndi kuusunga, ndipo wosunga si mwini. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015, anaphunzitsa kuti cholengedwa chilichonse n'chamtengo pamaso pa Mulungu ngakhale munthu asapindule nacho. Poganiza motere, woipitsa mtsinje walakwira Mwini wake. Amang'anja a ku Nsanje anafika pafupi ndi mfundoyi mwa njira yawo: m'nkhalango ya Khulubvi, momwe muli kachisi wa Mbona, munthu sadulamo mtengo mwachisawawa, chifukwa malowo ali ndi eni ake osaoneka.

Mayiko ena anaitengera nkhaniyi kukhoti ndi kunyumba ya malamulo. Mu 2016 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko la Colombia linagamula kuti mtsinje wa Atrato, m'chigawo cha Chocó, uli ndi ufulu wotetezedwa ndi kukonzedwanso, pambuyo poti okumba golide popanda chilolezo anauthira mercury kwa zaka zambiri. Mu 2017 dziko la New Zealand linazindikira mtsinje wa Whanganui ngati munthu pamaso pa lamulo, potsata chikhulupiriro cha Amaori choti mtsinjewo ndi kholo lawo.

Otsutsa amati mtsinje sumva kuwawa, sufuna kanthu, choncho kuutcha munthu n'kusewera ndi mawu. Mfundo yawo si yopepuka. Koma kampani nayonso simva kuwawa, chikhalirecho imasuma ndi kusumiridwa tsiku ndi tsiku popanda wodabwa.

Chovuta chenicheni n'chakuti mtsinje ulibe pakamwa. Whanganui anausankhira anthu awiri ouyankhulira, mmodzi wochokera kuboma, wina kwa Amaori. Atrato anaupatsa alonda ochokera kuboma ndi m'midzi ya m'mphepete mwake, koma makina okumba golide sanachokebe m'madzi ake.