Tisanatumize Uthenga kwa Mnzathu



Matenda a Covid-19 atapezeka m'dziko muno pa 2 Epulo 2020, malangizo sanasowe. Wailesi zinkanena tsiku ndi tsiku kuti tisambe m'manja ndi sopo, tivale masiki, tipewe kuthithikana. Komabe ambiri ankati ndi matenda a azungu ndi a anthu olemera, mpaka pa 12 Januwale 2021 pamene nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi.

Katemera atafika mu Malichi chaka chomwecho, mphekesera zinali zitafika kale m'makomo. Ena ankati katemerayo amaumitsa mbeu, ena ankati ndi chizindikiro cha chilombo. Mu Meyi boma linawotcha katemera woposa 19,000 pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe chifukwa masiku ake anali atatha. N'zoona kuti katemerayo anafika atatsala ndi masabata ochepa, koma mantha nawonso anabweza anthu ambiri pakhomo pa chipatala.

Mphekesera zotere sizifalitsidwa ndi anthu oipa mtima okha. Nthawi zambiri amazitumiza pa WhatsApp ndi mlamu kapena mnzathu wa kumpingo, amene akungofuna kutichenjeza chifukwa amatikonda. Apa ndi pamene nkhani ya thanzi imasanduka nkhani ya moyo wauzimu. Bahá'u'lláh amatiphunzitsa kuti aliyense afufuze choonadi payekha, aone ndi maso ake, osangotsata zimene wamva. Kunena zoona ndi maziko a makhalidwe onse abwino, ndipo munthu amene wapatsira mnzake nkhani yosatsimikizika wasenza nawo bodza la mwini wake, ngakhale sanalipeke ndi iye. Chala chimodzi chikadina, bodzalo lalowa m'nyumba makumi awiri.

Kufufuza choonadi sikutanthauza kuti aliyense akhale dokotala wa iye mwini. M'buku la Kitáb-i-Aqdas, Bahá'u'lláh analamula kuti tikadwala tizipita kwa madokotala odziwa bwino ntchito yawo, ndipo 'Abdu'l-Bahá anaphunzitsa kuti chipembedzo choona sichitsutsana ndi sayansi. Pemphero la machiritso timalinena ndithu, kenako timapita kukaonana ndi namwino. Kufunsa amene anaphunzira nkhaniyo ndi mbali ya kufufuza komweko.

Chovuta kwambiri ndi ichi: wotumiza mphekesera uja mwina ndi agogo kapena atsibweni, ndipo sitingawachititse manyazi pagulu. Kungokhala chete kumaoneka ngati ulemu, koma m'gulu lomwelo muli mayi woyembekezera ndi bambo wodwala shuga amene akuwerenga uthengawo. Tingathe kuwaimbira pawokha, kuwathokoza chifukwa chotiganizira, n'kuwafunsa modekha kumene nkhaniyo yachokera. Ngati nawonso sakudziwa, tiwapemphe kuti tikafunse limodzi kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu.

M'gulu lathu lino, kodi ndani amene anayesapo kuchita zimenezi ndi wachibale wamkulu, ndipo anayankhidwa bwanji?