Musanyoze ndere za pamwala, adzukulu anga

Adzukulu anga a kuno ku Nkopola, inu amene mwangolemba mayeso a Fomu 4 ndi inu amene mukadali pasukulu, ndili ndi pempho, ndipo ndikudziwa kuti ena museka. Mukamakwera phiri lathu la anyani lija, muziima pang'ono n'kuyang'ana miyala imene mukupondayo. Mudzaona zigamba zotuwa, zina zobiriwira, zina zachikasu ngati papaya wakupsa, zomatirira pamwala ngati penti yakalekale. Ife timangoti ndere, dzina lomwelo limene timatchulira zoterera zija zimene nsomba za mbuna zimabudula pamiyala ya pansi pa nyanja. Koma za pamtundazi n'zina. Ndaphunzitsa sayansi zaka zambiri, ndipo ndikuvomera mwamanyazi kuti ndakhala ndikukhalira nderezi podya chimanga chootcha, osazindikira kuti ndakhalira chamoyo.

Chamoyo chake n'chodabwitsa, chifukwa si chimodzi. Ndi bowa amene anatenga tizomera tobiriwira tosaoneka ndi maso, abale ake a ndere za m'madzi zija, n'kutisunga m'thupi mwake. Bowayo ndiye womanga nyumba, wosunga chinyezi, wotchinga dzuwa likanyanya. Tizomerato ndito tophika, timapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, onse n'kumadyera mbale imodzi. Woyamba kunena zimenezi anali Simon Schwendener wa ku Switzerland mu 1867, ndipo akatswiri anzake anamukanira kwamtuwagalu. Wokana kwambiri anali William Nylander wa ku Finland, munthu wodziwa ndere kuposa anzake ambiri a nthawi imeneyo, ndipo anafa asanavomere. Mwamvatu: imvi sizitanthauza kuti munthu sangalakwe, choncho inenso muzindipanikiza ndi mafunso. Nkhaniyo sinathere pomwepo. Mu 2016 Toby Spribille ndi anzake anapeza kuti m'khungu la ndere zambiri mumakhalanso yisiti, mlendo wachitatu amene anagona m'nyumbamo zaka zonsezi osaonedwa.

Nylander yemweyo, ngakhale anali wamakani, anatisiyira chinthu chamtengo wapatali. Mu 1866 analemba ndere zimene zinkamera pamitengo ya m'munda wa Luxembourg mumzinda wa Paris, ndipo anaona kuti zamoyozi zimathawa mpweya wonyansa wa m'tauni. Patatha zaka 30, m'mundamo zinali zitatheratu. Chifukwa chake n'chosavuta. Ndere zilibe mizu. Chakumwa chawo ndi mvula, mame ndi nkhungu, ndipo zimamwa ndi thupi lonse popanda chosefera. Mtengo ukadwala umayoyola masamba n'kuphukanso ena, koma ndere zimasunga chilichonse chimene zameza, chaka ndi chaka. Utsi wa malasha ukachuluka, zoyamba kufa ndi zija zolendewera ngati ndevu, kenako zamasambamasamba, potsiriza kumatsala zomatirira zokhazokha. Ku England, mu 1970, David Hawksworth ndi Francis Rose anakonza muyeso woti munthu akangoona mitundu ya ndere imene ili pamtengo, adziwe kuchuluka kwa utsi wa safa m'deralo. Ndipo fakitale ya magetsi ya ku Chernobyl itaphulika mu 1986, ndere za kumapiri a Norway ndi Sweden zinamwa poizoni wake, mphalapala zoweta za anthu a mtundu wa Sami zinadya nderezo, nyama yambiri n'kuletsedwa kugulitsidwa.

Wina ati, "Agogo, kuno kulibe mafakitale, zikutikhudza bwanji?" Zoona, utsi wathu si wa ku Paris. Wathu ndi wa uvuni wa makala, wa ng'anjo za njerwa, wa nkhuni zowambira nsomba, wa moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okutobala, ndi wa magalimoto a pamsewu wopita ku Monkey Bay. Koma mdani wamkulu wa ndere za kuno ndi nkhwangwa. Mtengo wakale ukagwa ku Phirilongwe kapena ku Namizimu, umagwa ndi mudzi wonse wa ndere umene unamangidwa pakhungwa lake, ndipo mudzi wotere sumangidwa msanga: zambiri zomatirira zimakula mamilimita ochepa chabe pachaka, zina osakwana n'imodzi yomwe. Chigamba chachikulu ngati mbale ya nsima chikhoza kukhala chachikulire kuposa ine. Mnyamata amene amachikanda ndi mpeni kuti alembe dzina la chibwenzi chake amafafaniza m'mphindi ziwiri chimene chinayamba agogo ake asanabadwe.

Pali chinanso chimene ndere za kuno zimanena, ndipo ichi n'chathuchathu. Tsikirani kumiyala ya m'mphepete mwa nyanja nthawi ya chilimwe madzi ataphwera. Mudzaona mzere: pamwamba pake mwala uli ndi zigamba, pansi pake ndi woyera mbee. Ndere zambiri za pamtunda zikamizidwa nthawi yaitali zimafa, ndiye mzerewo ukukuuzani pamene nyanja inafikapo. Ife amene tinaona madzi a 1980 sitinadabwe kwambiri nyanja itasefukira mu 2024 n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo kuno ku Mangochi. Amene akufuna kumanga pafupi ndi gombe akadayamba wafunsa mwala asanafunse mmisiri. Onaninso miyala imene pamatera mbalame. Chilumba cha Boadzulu chimachita kuyera ndi zitosi, ndipo pozungulira malo otere pamakonda kumera ndere zachikasu zija, zokonda manyowa, pamene zina zimapsa. Fetereza ndi utsi wa ndowe zikachuluka mumpweya zimachitanso chimodzimodzi, choncho zachikasu zikayamba kulanda malo a zotuwa pamitengo ya m'mudzi, pamenepo pali nkhani.

Tsono ntchito imene ndikukupemphani ndi yodziwa mayina. Erik Acharius wa ku Sweden, wophunzira wa Carl Linnaeus, ndiye anayamba kusanja ndere m'magulu ake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo lero mitundu yodziwika padziko lonse ili pafupifupi 20,000. Buku lalikulu la ndere za chigawo chino cha Africa, limene Dougal Swinscow ndi Hildur Krog anatulutsa mu 1988, linafotokoza za ku Ethiopia, Kenya, Tanzania ndi Uganda. Dziko lathu silinali m'gulu limenelo. Alendo akafika ku Mulanje amajambula ndere zolendewera pamikungudza, zija akatswiri amati Usnea, zimene zimakhuta nkhungu ya chiperoni. Nanga za pamiyala yotentha ya kuno kunyanja adzalemba ndani, ngati si mwana wobadwira pompano?

Sizifuna ndalama zambiri. Kope, pensulo, lula, galasi lokulitsira zinthu, ndi foni imene mumathera nayo tsiku pa Facebook. Sankhani miyala isanu ndi mitengo isanu, ina pafupi ndi msewu, ina pafupi ndi powambira nsomba, ina pamwamba pa phiri. Jambulani chigamba chilichonse lula ili pambali pake, lembani tsiku, malo, dzina la mtengo ndi mbali imene dzuwa limawomba. Chaka chamawa mwezi womwewo mubwererenso pomwepo. Chaka choyamba mudzaona ngati mukutaya nthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukafuna kutenga kachidutswa, tengani kochepa, muike mu envulopu ya pepala, osati m'jumbo, chifukwa mupulasitiki zimachita nkhungu n'kuwola. M'malo a Lake Malawi National Park, monga pa Boadzulu, musatole kanthu popanda chilolezo. Akatswiri amasiyanitsanso mitundu podontheza mankhwala: kadontho ka Jik pamnofu woyera wa mkati kamafiiritsa mitundu ina, ina osasintha. Ndipotu pepala la litimasi lija munkaviika m'chipinda cha sayansi, utoto wake umachokera ku ndere.

Zimene mwalembazo musazisunge m'sutikesi mpaka chiswe chidye. Ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, nyumba yosungira zomera zouma za dziko lino, ndipo University of Malawi ili mumzinda womwewo. Pemphani aphunzitsi anu a bayoloje akuthandizeni kulemba kalata. Sindikukulonjezani ntchito kapena ndalama. Ndikadanena zimenezo ndikadakhala ndikukunamizani. Ambiri mwa inu mudzakhala asodzi, alimi, oyendetsa kabaza, ndipo palibe cholakwika. Koma msodzi amalowa m'nyanja usiku n'kubwerako dzuwa litatuluka, ndipo masana amodzi pachaka sangamusowe.

Maondo anga sakundilolanso kukwera phiri, koma galasi langa lokulitsira zinthu likadalipo, ndipo miyala ya m'munsi ndimafikako ndi ndodo. Amene mwamva, mundipeze Loweruka m'mamawa dzuwa lisanatenthe. Mubwere ndi kope ndi pensulo, mpeni muusiye kunyumba.