Ntchito ya Masana, Ntchito ya Usiku

Khala apa, mdzukulu wanga, foniyo iike kaye m'thumba. Amayi ako andiuza kuti kuntchito akupatsa makiyi a chipinda cha seva. Ndakondwa. Koma dzulo ndinakumva ukuseka sikirini yakuda ya zilembo zobiriwira, ati n'zamakedzana. Mawu a akulu amakoma akagonera. Tchera khutu.

Ine ndinakalambira ku Limbe, pakampani ina yopikulitsa katundu. Makina athu anali AS/400, aja IBM inatulutsa mu 1988. Tsiku loyamba anandiphunzitsa kuti ntchito za pa seva zili pawiri. Ina ndi ya munthu amene waima pakauntala, kasitomala akumuyang'ana m'maso. Walemba nambala ya katundu, mtengo akuufuna pompano. Imeneyo amati interactive. Inayo ili ngati kuchigayo. Umasiya thumba pamzere n'kupita kukachita zina, ufa ukaupeza pobwera. Imeneyo ndiye batch: malipiro a antchito pakutha pa mwezi, chiwongoladzanja cha kubanki, kuwerengera katundu yense, kukopera zonse pa tepi.

Makinawo ankadziwa mwambo. Ntchito za pakauntala zinali ndi kwawo, ku QINTER. Za pamzere zinalinso ndi kwawo, ku QBATCH. Zoyambazo zinkapatsidwa nambala 20, zinazo 50, ndipo wa nambala yaing'ono ndiye ankayamba kudya. Ngati pakhomo pano: mlendo amayamba kusamba m'manja, mwininyumba pambuyo.

Kunabwera mnyamata wina, wa sukulu kuposa tonsefe. Abwana anamutuma lipoti la malonda a chaka chonse. Linali tsiku lomaliza la mwezi, cha m'ma 10 koloko m'mawa. M'malo molitumiza pamzere ndi SBMJOB, analiyendetsa pomwepo pa sikirini yake. Makina anamuyesa mlendo, n'kumupatsa mbale yoyamba. Basi, ofesi yonse inayamba kutsimphina. Ukadina Enter, tiyi ankazizira yankho lisanabwere. Malole anadzaza pabwalo, madalaivala akuliza mahutala, makasitomala akutukwana atsikana osalakwa pakauntala. Ine ndinalemba WRKACTJOB, ndinaiona ntchito yosusukayo, n'kuiimitsa. Lipotilo tinaliyendetsa usiku, m'mawa linali patebulo la abwana. Silinali lamwadzidzidzi n'komwe, msonkhano wake unali wa sabata yotsatira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma usayese kuti usiku ulibe mano. Ukalakwitsa pakauntala, wapweteka munthu mmodzi, ndipo akuuza nthawi yomweyo. Cholakwa cha mu batch chimaswana anthu ali m'tulo. Kanambala kamodzi kakapotoka, antchito onse alandira malipiro opotoka. Magetsi akazima pakati pa usiku, usathamangire kuyambitsanso. Yamba wadziwa pamene ntchito inalekera, kuopa kulipira anthu kawiri. M'mawa uliwonse werenga log ya ntchito za usiku usanagwire kapu. Pamene sukumvetsa, funsa amene wawapeza. Safunsa anadya phula.

Tsopano za sikirini ija umaiseka. Inali ndi mizere 24, mzere uliwonse zilembo 80. Nambala 80 imeneyi ndi cholowa cha makadi obowola a IBM, amene ine ndinangowapeza akutha. Kukongola inalibe, n'zoona. Koma ukaipa dziwa nyimbo. Sinkavutitsa makina pa chilembo chilichonse. Inkadikira umalize kudzaza tsamba lonse, n'kulitumiza kamodzi ukadina Enter. N'chifukwa chake nthambi zakutali zinkagwira ntchito ngakhale pa waya wa telefoni wofooka. Panali mayi ena olemba mainivoisi, zala zawo zinkaloweza njira ngati mapazi a munthu wopita kudambo. Kiyibodi sankaiyang'ana. Titawabweretsera mawindo ndi mausi, dzanja linkangochoka pa kiyibodi kukasaka kabatani, ndipo mzere pakauntala unatalika.

Sindidana ndi mausi, usandimve molakwa. Wantchito watsopano amaphunzira msanga pa zithunzi. Abwana akafuna kuona mmene malonda akukwerera, chithunzi chimalankhula bwino kuposa manambala. Koma seva si pabalaza pochezera alendo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zokongoletsazo zimadya memory, zimafuna kukonzedwa mwezi ndi mwezi, ndipo pulogalamu iliyonse yowonjezera ndi khomo lina loti mbala iyese. Ngakhale a Microsoft, eni ake mawindo, mu 2008 anatulutsa Server Core, seva yopanda zokongoletsazo. Galu wamkota sakandira pachabe.

Ganizanso izi. Akakupatsa maina a antchito 300 kuti uwatsegulire maakaunti, ndi mausi udzadina mpaka dzanja kutupa, ndipo penapake udzaphonya. Mawa sudzakumbuka kuti unadina pati. Lamulo lolembedwa limakhala. Mnzako akhoza kuliwerenga, kulikonza, n'kuliika pa cron kuti liziyenda lokha 2 koloko usiku. Ukadzabwera kuno kumaliro, netiweki ili kadontho kamodzi, SSH idzakulowetsa mu seva pamene sikirini ya zithunzi ikungozungulira.

Komabe terminal, sikirini ya malamulo olembayo, ndi nkhwangwa yakuthwa. Siikufunsa kawiri. Ukailamula kufufuta, imafufuta. Werenga mzerewo kawiri chala chisanatsike, ndipo yamba wayesera pa makina oyeserera. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Lolemba ukafika, kapemphe ndandanda ya ntchito zonse za usiku. Ulembe m'kope nthawi imene iliyonse imayamba, nthawi imene imatha, ndi iti imadikira inzake. Tepi kapena disiki ya backup uiyese ngati imabwezadi zinthu, chifukwa ine ndinaonapo yopanda kanthu itasungidwa mu sefa miyezi. Kopelo udzandionetse ukadzabweranso.

Tsopano dzuka, agogo ako aakazi akudikira kuti uwanyamulire thumba. Chigayo chimatseka dzuwa lisanalowe.