LACHITATU: Phindu Lodyera Abale

Werengani Miyambo 13:11, 28:20, Levitiko 19:35, 36. Kodi mavesi amenewa akusiyanitsa bwanji chuma cha thukuta ndi chuma chofulumira?

Pa Muloza timadziwa malonda oona. Wothyola tiyi amalipidwa monga mwa kulemera kwa masamba ake. Wobwera ndi chimanga pa njinga kuchokera ku Milange amagulitsa chinthu chimene wogula angachione ndi kuchiyeza. Koma kwafikanso malonda otilonjeza chuma tili khale pakhomo: tilipire ndalama yolowera, tigule katundu wodula, kenaka tikope anzathu, nawonso akope ena. Phindu lalikulu silichokera kwa ogula, koma m'matumba a olowa pambuyo.

Tiyeni tiwerengere. Aliyense akakopa anthu 6, mzere wa 10 udzafuna anthu oposa 60 miliyoni, pamene kalembera wa 2018 anapeza anthu ongopitirira 17.5 miliyoni m'Malawi monse. Apansi adzataya ndithu, ndipo kawirikawiri ndiwo abale amene timapembedza nawo pa Sabata.

Kuchita malonda pakhomo si tchimo (Miyambo 31:24). Tchimo ndi kukolola pa kutikhulupirira kwa mbale.

Kodi tingabweze kwa Mulungu chakhumi cha ndalama imene mbale wathu akuilira?