Chibowo cha pa Mpanda Sichisankha Diso

M'midzi yathu ya m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira ndi ku Malindi, kuzungulira mpaka ku Chipoka ndi ku Nkhotakota, nyumba yopanda mpanda timaiona ngati yosatha kumangidwa. Mpandawo ukhale wa bango, wa tsekera kapena wa njerwa, ntchito yake ndi imodzi. Kuseri kwake kulibe chachilendo: mayi akusinja, usipa uli pa thandala, nsalu zili pa chingwe, mwana akusambitsidwa. Komabe mlendo woleredwa bwino amaima panja, napereka salamu kapena kuodira, nadikira kuti ayankhidwe. Sitidamvepo munthu wanzeru akufunsa mwininyumba kuti akubisanji popeza wamanga mpanda.

Masiku ano banja lililonse lili ndi nyumba yachiwiri imene timayenda nayo m'thumba. M'foni muli mawu a mwana wathu amene ali ku Johannesburg, akudandaula za ntchito ndi za mapepala. Muli zithunzi za ana athu aakazi zimene adajambulana okhaokha pa ukwati, mitu ili yosafunda. Muli ndalama za malonda a nsomba, nkhani imene tidatula kwa ankhoswe, ndi zotsatira za kuchipatala zimene ngakhale abale athu sitidawauze. Funso limene tiyenera kulingalira ndi lakuti: ndani ali ndi ufulu wolowa m'nyumba imeneyi, ndipo alowe bwanji? Tikalifunsa, yankho limene limabwera msanga, ngakhale kuchokera pakati pathu, ndi lakuti wopanda mlandu saopa kuonedwa.

Yankho limeneli limamveka lanzeru, koma lasokoneza zinthu ziwiri: chobisika ndi choipa. Timavala osati chifukwa chakuti thupi ndi tchimo, koma chifukwa chakuti munthu ali ndi ulemu wofunika kuutchinga. Mwamuna ndi mkazi wake akamakambirana za ngongole, sakupalamula mlandu, koma nkhaniyo si ya pabwalo. Qur'an yolemekezeka, mu Surah An-Nur, idatilamula kupempha chilolezo tisanalowe m'nyumba za eni, ndiponso kubwerera tikauzidwa kuti tibwerere. Lamulolo silidasiyanitse nyumba ya wolungama ndi ya wochimwa. Mu Surah Al-Hujurat, ndime 12, zinthu zitatu zaletsedwa motsatizana: kuganizirana zoipa, kufufuzana mwaukazitape, ndi kujedana. Ndondomekoyo ndi yofunika kuilingalira, pakuti umo ndi mmene matendawa amayendera. Mtima ukakayika, diso limasuzumira. Diso likaona, pakamwa sipatsekeka.

Olemba mbiri amasimba za Khalifa Umar, Allah asangalale naye, kuti usiku wina akuyendera mzinda wa Madina adamva phokoso m'nyumba ina, nakwera khoma, napeza mwininyumba ali ndi mowa. Munthuyo sadakane kulakwa kwake, koma adakumbutsa mtsogoleriyo kuti iye walakwa kamodzi pamene Khalifa walakwa katatu: wafufuza mwaukazitape, walowera pakhoma m'malo mwa pakhomo, ndipo walowa popanda chilolezo. Umar adavomera, namusiya. Chimene chimatigwira mtima m'nkhaniyi n'chakuti wokwera khomayo adali boma lenileni, cholinga chake chidali chabwino, ndipo adapezadi cholakwa. Zonsezo sizidayeretse njira imene adalowera.

Tisafulumire kunena kuti boma lilibe mfundo. Tikudziwa magazi amene akhetsedwa ku Cabo Delgado, kwa anansi athu a ku Mozambique, kuyambira mu 2017. Tikukumbukira abale athu achialubino amene adaphedwa m'dziko muno. Ambiri a ife tidalandirapo foni ya wachinyengo wodzitcha wa kampani, wofuna nambala yathu yachinsinsi. Anthu oterewa amapangana pa lamya, ndipo sitingauze apolisi kuti awagwire kwinaku titawamanga m'maso. Chitetezo cha miyoyo ndi chuma ndi udindo umene wolamulira adzafunsidwa. Choncho nkhani si yakuti boma lisaone kanthu, koma yakuti lione ndani, pa chifukwa chanji, ndi mwa chilolezo cha yani.

Ife a kunyanja kusiyanaku timakudziwa. Pali msodzi woponya mbedza, wodziwa nsomba imene akufuna. Pali wina wokoka neti ya udzudzu m'mphepete, wosesa zonse, mpaka tiana ta chambo, ndipo ndi iye amene amapha nyanja. Wapolisi amene ali ndi umboni pa munthu mmodzi, napita kwa woweruza kukapempha chilolezo cha nthawi yodziwika, wagogoda pakhomo. Koma boma limene limasonkhanitsa mauthenga a anthu onse, kuti mwina tsiku lina lidzapezamo wolakwa, layamba ndi kuganizira zoipa mtundu wonse.

Izi zidachitikadi. Mu 2013, Edward Snowden, amene ankagwira ntchito za bungwe laukazitape la America lotchedwa NSA, adaulula kuti bungwelo linkasonkhanitsa kaundula wa mafoni a anthu mamiliyoni: ndani waimbira ndani, nthawi yanji, kwa mphindi zingati. Mu 2011, atolankhani a Associated Press adaulula kuti apolisi a mumzinda wa New York ankazonda mizikiti, malo odyera ndi magulu a ophunzira achisilamu, osati chifukwa cha mlandu wina uliwonse, koma chifukwa cha chipembedzo ndi kumene anthuwo adachokera. Mu 2012, mkulu wina wa apolisiwo adavomera polumbira kuti nthambi imene inkalemba kaundula wa madera a Asilamu sidapezepo poyambira kufufuza mlandu wauchigawenga, ndipo mu 2014 nthambiyo idatsekedwa. Chimene idasiya ndi mantha: munthu kukayikira woima naye phewa ndi phewa pa swala, ndi mlendo kulandiridwa ndi diso lozizira. Akuluakulu athu safunika kuuzidwa za mantha otere. Amakumbukira nthawi ya chipani chimodzi, pamene makalata ankatsegulidwa ndipo munthu ankayang'ana uku ndi uku asanatchule dzina la mtsogoleri. N'chifukwa chake malamulo aakulu a dziko lino, a mu 1994, mu gawo 21, amateteza munthu, nyumba yake, makalata ake ndi mauthenga ake a pa lamya.

Pali chifukwa china, chimene ngakhale wokhulupirira boma ndi mtima wonse ayenera kuchimva. Kuti kazitape alowe mu kompyuta kapena m'foni, amafuna chibowo, ndiko kuti cholakwika m'kapangidwe ka pulogalamu chimene eni ake sadachione. Bungwe la NSA lidapeza chibowo chotere mu Windows, pulogalamu imene imayendetsa makompyuta ambiri padziko. M'malo mouza kampani ya Microsoft msanga kuti itseke, lidasunga chinsinsi, nilipanga chida cholowera pamenepo, chotchedwa EternalBlue. Chidacho chidabedwa, ndipo mu April 2017 gulu lodzitcha Shadow Brokers lidachimwaza pa intaneti. Pa 12 May chaka chomwecho, vairasi ya WannaCry, yomangidwa pa chida chimenechi, idafalikira m'maiko pafupifupi 150. Inkatseka zonse za mu kompyuta n'kulamula dipo kuti itsegule. Ku Britain, zipatala zidabweza maambulansi ndi kuimitsa maopaleshoni, ndipo odwala zikwizikwi adauzidwa kuti abwere tsiku lina.

Mlonda adaboola mpanda kuti azisuzumira akuba, ndipo akuba adalowera pomwepo. Chibowo sichifunsa kuti diso ili ndi la yani. Chimodzimodzinso ndi Pegasus, pulogalamu ya kampani ya NSO Group ya ku Israel, imene imagulitsidwa kwa maboma pa dzina lolimbana ndi zigawenga. Imatha kulowa m'foni mwiniwake osadina kanthu, kuwerenga mauthenga, ndi kutsegula kamera ndi chojambulira mawu. Mu 2019, WhatsApp idasumira kampaniyo ponena kuti mafoni pafupifupi 1,400 adalowedwa kudzera mwa iyo, ndipo mu 2021 atolankhani a maiko osiyanasiyana, mothandizana ndi Amnesty International, adaipeza m'mafoni a atolankhani anzawo ndi a omenyera ufulu wa anthu. Chida chopangidwira chigawenga chidathera pa wodzudzula. Ngakhale lero chikhale m'manja mwa wolungama, maboma amasintha, antchito amalandira ziphuphu, ndipo makiyi amabedwa.

Kuno kwathu nkhaniyi si yakutali. Chilembetsereni ziphaso za unzika mu 2017, ndi manambala a foni mu 2018, nambala iliyonse ili ndi dzina ndi nkhope. Izi zili ndi ubwino wake polondola achinyengo, komanso zikutanthauza kuti kaundula wa amene timalankhula nawo ndi kumene timayenda ali ndi mwini wodziwika. Tikukumbukira mkangano wa makina a bungwe la MACRA amene anthu adawatcha aukazitape, umene udafika mpaka ku makhothi. Mu 2024 dziko lidakhala ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu payekha. Koma lamulo la pa pepala limakhala ndi moyo pokhapokha eni dziko akamafunsa: ndani akusunga kaundulayu, ndani amapereka chilolezo chomutsegula, amasungidwa kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo wolakwiridwa akadandaule kuti? Kufunsa zimenezi kwa phungu wathu, kapena pa msonkhano wa kwa mfumu, si kuukira boma. Ndi malangizo amene nzika imayenera kupereka kwa oilamulira.

Tikatero, titembenuze chala. N'kosavuta kudzudzula akazitape a ku Washington, koma ndi angati mwa ife amene adatengapo foni ya mkazi wawo iye ali kosamba? Ndi angati amene adajambula uthenga wa mnzawo n'kuutumiza pa gulu la WhatsApp? Nanga wokonza mafoni pa msika, amene amatsegula zithunzi za mayi amene wangobweretsa foni yosweka galasi? Tonsefe takwera khoma la Umar, ndipo chifukwa chathu n'chomwecho cha maboma: tikungofuna kudziwa choona. Komatu banja limene lafika pozondana ladwala kale, ndipo mankhwala ake ndi kukhala pansi ndi ankhoswe kapena Sheikh, osati kuba nambala yachinsinsi. Mwana wamng'ono ndi nkhani ina, pakuti kholo ndi m'busa wake. Koma ngakhale pamenepo, kuyang'anira kwa poyera, mwana akudziwa, kumamanga, pamene kozemba kumamuphunzitsa kuzemba.

Pali udindo winanso umene sitiuganizira. Za m'foni mwathu si zathu zokha. Muli zithunzi za akazi a eni, madandaulo a abale, ndi manambala a anthu amene adatikhulupirira. Zimenezi ndi amana, katundu wosungitsidwa. Munthu akasungitsidwa thumba la ndalama n'kugona chitseko chili pululu, sanganene kuti walakwa ndi wakuba yekha. Nkhani ya WannaCry ili ndi mbali yachiwiri: Microsoft idali itatulutsa kale chigamba chotseka chibowocho mu March 2017, miyezi iwiri vairasiyo isanabuke. Ambiri mwa makompyuta amene adagwidwa adali aja amene eni ake adazengereza kuika chigambacho. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Choncho foni kapena kompyuta ikatipempha kuti tiike zokonza zatsopano, tisaumire mayunitsi, pakuti zimenezo ndi zigamba za mpanda. Tisadine linki yolonjeza mphatso, ngongole kapena ntchito ya kunja, ngakhale itachokera kwa m'bale, pakuti mwina foni yake yagwidwa kale. Tisalandire mapulogalamu ogawirana pa msika, ndipo tisamale ndi makhadi ndi mafulashi opita kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu, chifukwa mavairasi amayenda m'menemo. Foni ikhale ndi loko, WhatsApp ikhale ndi nambala yachiwiri yotsimikizira, ndipo nambala yachinsinsi ya ndalama isatchulidwe kwa aliyense woimba foni. Pulogalamu ikapempha kudziwa kumene tili, tifunse kuti ikufuna kutero chifukwa chiyani. Mu 2020 zidaululika kuti uthenga wa kumene kuli ogwiritsa ntchito Muslim Pro, pulogalamu yotchuka yokumbutsa nthawi za swala, unkapita kwa kampani yogulitsa uthenga wotere, imene ena mwa ogula ake ankagwira ntchito ndi asilikali a America. Eni pulogalamuyo adakana kuti adagulitsa kwa asilikali, koma adathetsa mgwirizano ndi kampaniyo. Dzina lachisilamu pa pulogalamu silitichotsera udindo wokhala tcheru.

Mmodzi yekha ndiye amene amaona zonse, zoonekera ndi za mumtima, ndipo Iyeyo ndi amene amatibisira zambiri zimene zikadaululika sitikadayenda pagulu. Kuona kwake kumayenda ndi chifundo ndi chilungamo chosalakwa. Munthu alibe zimenezi, akhale nduna, wapolisi kapena mwamuna wa pa nyumba. Akaona pang'ono amaweruza zambiri, ndipo zimene waona amazisunga kuti adzazigwiritse ntchito. N'chifukwa chake adaikiridwa khomo, ndi lamulo logogoda. Tipemphe olamulira athu kuti azilowera pakhomopo, ifenso tizilowera pomwepo kwa anzathu, ndipo mipanda imene tidasungitsidwa tiziikonza isanagwe. Allah atibisire zolakwa zathu, ndipo atipatse mtima wobisira ena.